Malikisi a chimangirizo cha filosofi amachokera pati kwenikweni?

Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza pa maphunziro ake anabwera tsiku lina pepala lili m'manja, maso ali psuu, anali atalemba masamba 9 pa asayimenti ya filosofi, anagona mochedwa sabata yonse akuwerenga kulaibulale koma anapeza 54, pomwe mnzake wogona naye chipinda chimodzi analemba masamba 4 okha n'kupeza 71. Kumapeto kwa pepala lake aphunzitsi analemba ndi bolopeni yofiira mawu ochepa chabe, akuti wafotokoza bwino zimene ena ananena, nanga iwe ukuti chani ndipo chifukwa chake n'chani. Iyeyo ankaona kuti amulakwira, ndipo ine ndinamumvetsa ndithu chifukwa ambirife tinakula tikudziwa kuti ukaloweza manotsi n'kuwabweza onse pa mayeso ndiye kuti wakhoza basi. Filosofi siyendera zimenezo, ndipo chimandipweteka n'choti ana ambiri anzeru amatha chaka chathunthu asanauzidwe momveka bwino chimene wochonga akufuna, amangoona malikisi otsika n'kuyamba kuganiza kuti mwina mutu wawo sugwira.

Ndiye ndati ndifotokoze mmene ndikudziwira, kaya muli ku Zomba ku yunivesite ya Malawi, kaya kuseminale ngati ya Kachebere ku Mchinji, kaya mukuphunzira kunja, kachongedwe kake sikasiyana kwenikweni.

Choyamba chotsani m'mutu ganizo loti wochonga akufuna mugwirizane naye. Wochonga wabwino atha kupereka malikisi apamwamba ku pepala limene iyeyo akuona kuti mathero ake ndi olakwika, n'kupereka otsika ku pepala limene lanena zimene iye amakhulupirira. Akuchonga njira imene mwadutsa kuti mukafike pamene mwafikapo. Akamawerenga amakhala ndi mafunso atatu m'mutu: kodi munthuyu wamvetsa nkhani ndi zimene olemba enawo ankatanthauza, kodi zifukwa zimene wapereka zikunyamuladi ganizo lake, kodi walemba moti ndikumva popanda kumuganizira. Pa atatuwa lolemera kwambiri ndi lachiwirilo, pamenepo ndi pamene malikisi amagawanikira.

Kuti zimveke tiyeni titenge funso lenileni limene limaphunzitsidwa mu filosofi ya ku Africa kuno. Mu 1984 Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba kuti m'maganizo a makolo a mu Africa umunthu sumabadwa nawo ayi, umaupeza pang'onopang'ono pokhala pakati pa anthu ndi kusenza maudindo, ndipo n'zotheka kulephera kuupeza. Kwame Gyekye wa ku Ghana anamutsutsa, iye ankati inde mudzi ndi wofunika koma Menkiti wapitirira muyeso, khanda ndi munthu kale, ndipo munthu aliyense ali ndi nzeru zake ndi ufulu wake zimene sachita kupatsidwa ndi gulu. Ndiye aphunzitsi afunsa kuti kodi Menkiti akunena zoona?

Pepala la mtundu woyamba, ngati la mtsikana uja, limayamba ndi kutiuza kuti funso la umunthu lavutitsa anthu kuyambira kalekale, kenako mbiri ya Menkiti, kenako masamba atatu a zimene ananena, masamba atatu a zimene Gyekye ananena, John Mbiti, wolemba wa ku Kenya, naye alowe ndi mawu ake otchuka a 1969 aja oti ine ndilipo chifukwa ife tilipo, ndiye kumapeto ndime imodzi yoti onse awiri ali ndi mfundo zabwino ndipo zikutengera mmene munthu akuonera. Palibe bodza m'menemo, zonse n'zoona, ntchito yagwiridwa, n'chifukwa chake silimalephera. Koma funso silinayankhidwe. Zili ngati a mfumu amva mbali zonse ziwiri pa mlandu wa malire a munda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka kenako n'kunena kuti nonse mwalankhula bwino tiyeni tibalalike, anthu angapite kwawo akudziwa kuti mlandu sunagamulidwe. Pepala lotere limakhala pakati mpakati nthawi zonse ngakhale mutaliwonjezera masamba ena 10.

Pepala lachiwiri limasankha mbali, likuti Menkiti akunena zoona, ndipo umboni wake ndi woti ngakhale m'Chichewa timati uja si munthu tikamanena za wankhanza, timati alibe umunthu, ndipo akulu anati kali kokha n'kanyama ali awiri ndi anthu. Apa zayamba kuyenda chifukwa mwini pepala waonekera. Koma wochonga alemba m'mphepete kuti kodi tikamati uja si munthu timatanthauzadi kuti si munthu, moti titha kumulanda munda kapena kumupha popanda mlandu? Ayi, timatanthauza kuti khalidwe lake ndi loipa, ndipo timamudzudzula chifukwa choti ndi munthu amene amayenera kuchita bwino, fisi sitimudzudzula choncho. Ndiye mawu oti munthu akugwira ntchito ziwiri mu pepalalo, pena akutanthauza wobadwa mwa anthu woyenera kulemekezedwa, pena akutanthauza wakhalidwe labwino, ndipo wolemba wadumpha kuchoka pa tanthauzo lina kupita pa linzake osazindikira. Vuto ili ochonga amaliona msanga kwambiri ndipo limadya malikisi.

Pa miyambi ndiime kaye pang'ono chifukwa ife timaikonda ndipo ndi chuma chathu. Mwambi utha kukuthandizani kuonetsa kuti anthu a kwanu amaganiza motere, koma sungatsimikize kuti ganizolo ndi loona, chifukwa akulu omwewo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe ukachenjera manja udya naye, n'kunenanso kuti mwana wa mwini ndi gaga saundika. Nanga titsate uti? Pofunika chifukwa china choposa mwambiwo kuti tisankhe, ndipo chifukwa chimenecho ndi chimene wochonga akudikira. Chimodzimodzi kunena kuti makolo athu ankachita choncho ndiye n'zoyenera, David Hume, katswiri wa filosofi wa ku Scotland, anachenjeza kale mu 1740 kuti olemba ambiri amachoka pa mmene zinthu zilili n'kufika pa mmene ziyenera kukhalira osafotokoza kuti awoloka bwanji. Ndi vesi la m'Baibulo n'chimodzimodzinso, sikuti filosofi imanyoza chikhulupiriro ayi, koma mu pepala lotere mukulankhula ndi munthu amene mwina sakhulupirira zimene inu mumakhulupirira, ndiye mumupatse chifukwa chimene iyenso angachiyeze. Thomas Aquinas anali wansembe wokhulupirira kwambiri koma pa funso lililonse ankayamba ndi kundandalika mfundo zotsutsana ndi iye mwini, kenako n'kupereka ganizo lake, n'kubwerera kukaziyankha imodziimodzi.

Pepala lachitatu ndi limene limapeza malikisi apamwamba, ndipo nthawi zambiri limakhala lalifupi kuposa enawo. M'ndime yoyamba momwemo likuuza kuti ndionetsa kuti Menkiti akunena zoona pa umunthu wa khalidwe koma akulakwitsa pamene akuti khanda silinafike pokhala munthu. Latenga kachigawo kamodzi kakang'ono, osati nkhani yonse ya umunthu mu Africa. Kenako limafotokoza mfundo ya Menkiti mwachilungamo moti mwini wake akanawerenga akanati eya ndi zimene ndinkanena, n'kutenga umboni wake umodzi, woti m'madera ambiri maliro a khanda sakhala ndi mwambo waukulu ngati a munthu wamkulu, zimene ngakhale m'midzi yambiri kwathu kuno timazidziwa, khanda likamwalira litangobadwa amakaika ndi amayi okha mwakachetechete. Ndiye wolembayo amafunsa kuti kodi kuchepa kwa mwambo kukuonetsa kuti khandalo silinali munthu, kapena kukuonetsa kuti linali lisanakhale ndi maudindo ndi maubale ambiri oti anthu asonkhanire? Maliro a mfumu amaposa a munthu wamba kukula kwake koma palibe amati munthu wambayo anali munthu pang'ono. Mwaona, chitsanzo chimodzi chokha koma chagwedeza mzati wa mfundo yonse.

Ndipo silimathera pomwepo. Limatembenuka n'kudzifunsa kuti nanga Menkiti akanandiyankha bwanji, mwina akanati kusiyana kwa maliro a mfumu ndi a munthu wamba ndi kwa kukula chabe pomwe kwa khanda ndi kwa mtundu wina, mwambo wake ndi wosiyaniratu. Wolemba amavomera kuti yankho limeneli ndi lamphamvu, amayesa kuliyankha, ndipo pamene walephera amanena poyera kuti apa mfundo yanga ikufunika umboni wina umene pepala lino silingathe kupereka. Ana ambiri amaopa kulemba chiganizo ngati chimenechi, amaona ngati akudziwonongera okha, koma wochonga amasangalala nacho chifukwa chikuonetsa kuti munthuyu akudziwa polekezera mfundo yake. Chimene chimatsitsa malikisi ndi kubisa chibowo chimene wochonga akuchiona ndi maso ake.

Nkhani yoyankha otsutsayi ndi imene ine ndimaona kuti imalekanitsa pepala labwino ndi labwino kwambiri. Ambiri amadziwa kuti pafunika ndime ya otsutsa ndiye amasankha mdani wofooka amene amuumba okha, mwachitsanzo kunena kuti ena amati mudzi ulibe ntchito konse pa moyo wa munthu, kenako n'kumugwetsa mosavuta. Koma Gyekye sananenepo zimenezo, ndipo palibe munthu woganiza bwino anganene. Wochonga amadziwa mfundo yamphamvu kwambiri yotsutsa ganizo lanu chifukwa wakhala akuphunzitsa phunzirolo zaka, ndiye akamawerenga amakhala akuidikira, ikapanda kutulukira amadziwa kuti mwina simunaione kapena mwaithawa. Kuli bwino kulimbana ndi mfundo imodzi yovuta masamba awiri kusiyana ndi kutchula zisanu zopepuka chiganizo chimodzi chimodzi.

Tsopano za kamangidwe ka mfundo, zimene m'kalasi ya logic, phunziro la mmene mfundo zimalumikizirana, amazitcha validity ndi soundness. Mawuwa amaopsa koma nkhani yake ndi yapafupi. Mfundo imakhala valid ngati zili choncho kuti zifukwa zanu zikakhala zoona ndiye kuti mathero sangachitire mwina koma kukhala oona. Imakhala sound ngati ili valid komanso zifukwazo ndi zoonadi. Tamvani iyi: mvula ikagwa bwalo limanyowa, bwalo lanyowa, ndiye kuti mvula yagwa. Ikumveka bwino m'khutu koma yathyoka, mwina paipi yaphulika, mwina ana amatsuka mbale pamenepo. Zifukwa ziwiri zonsezo zitha kukhala zoona mathero n'kukhala abodza. Pomwe iyi: nyama zonse za miyendo inayi chakudya chake ndi udzu, galu ali ndi miyendo inayi, ndiye galu chakudya chake ndi udzu, kamangidwe kake kali bwinobwino koma chifukwa choyambacho ndi chabodza. Wochonga amayang'ana matenda awiri onsewa, ndipo kumbali yanu mukamatsutsa wolemba wina muzinena momveka kuti mukumugwira pati, kodi mukuti chifukwa chake chakutichakuti ndi chabodza kapena mukuti mathero ake sakutuluka m'zifukwa zakezo. Kungoti sindikugwirizana naye chifukwa maganizo ake ndi achizungu kapena ndi achikale sikutsutsa, mwangonena kumene ganizo lachokera osati chimene chalakwika.

Za kutalika kwa pepala, pali nkhani imene aphunzitsi a filosofi amakonda kukumbutsa ana. Mu 1963 Edmund Gettier wa ku America anasindikiza nkhani ya masamba atatu okha m'magazini ya akatswiri yotchedwa Analysis. Anthu ambiri ankavomereza kuti kudziwa chinthu ndi kukhulupirira chinthu choona uli ndi chifukwa chabwino, iye anangopereka zitsanzo ziwiri zoonetsa kuti zitatu zonsezo zitha kukhalapo munthu osadziwabe. Chitsanzo chosavuta cha mtundu umenewu ndi cha wotchi yoima chimene Bertrand Russell, katswiri wa filosofi wa ku Britain, anaperekapo kale: mwayang'ana wotchi ya pakhoma ikuti 2 koloko, mwakhulupirira, ndipo nthawi ilidi 2 koloko, koma wotchiyo inaima dzulo pa 2 koloko. Mwakhulupirira zoona, chifukwa munali nacho, koma mwangochita mwayi, simunadziwe. Masamba atatu amenewo akatswiri akulimbana nawo mpaka lero. Sikuti mwana wa chaka choyamba akuyembekezeka kuchita zotere ayi, koma zikuonetsa chimene phunziroli limalemekeza, ndipo mukamva aphunzitsi akuti pakufunika maganizo anuanu sakutanthauza kuti mupeke filosofi yatsopano, chitsanzo chanu chimodzi chogwira bwino ngati cha maliro a mfumu chija n'chokwanira, kapena kusiyanitsa matanthauzo awiri amene wolemba anawasakaniza.

Manambala ake amayenda chonchi, nditenge a ku Britain chifukwa ndi odziwika bwino ndipo abale athu ambiri akuphunzira kumeneko. Pa digiri yoyamba 70 kupita m'mwamba ndi first class, 60 mpaka 69 ndi upper second, 50 mpaka 59 ndi lower second, 40 mpaka 49 ndi third, kutsika apo walephera. Amene anazolowera kupeza 90 pa masamu amadabwa, koma pa zimangirizo 70 ndi malikisi akuluakulu ndipo 80 saoneka kawirikawiri. Mayunivesite ena kuphatikizapo a kwathu amadula magiredi pamalo osiyanako ndiye muone buku la malamulo la pasukulu panu, koma makwerero ake ndi omwewo. Pansi penipeni pali pepala limene silinamvetse wolemba kapena layankha funso lina losafunsidwa. M'ma 50 muli lomvetsa koma longobwereza. M'ma 60 muli limene lili ndi ganizo lomveka, zifukwa zolumikizana, ndipo lakumana ndi otsutsa ngakhale mwina mfundo zake zonse ndi zimene zinanenedwa m'kalasi. Kuti lidutse 70 pamafunika wochonga aone kuti munthuyu waganiza yekha penapake ndipo ganizolo lapirira litamenyedwa.

Chizungu nacho chimadetsa nkhawa ambiri, poti timalemba m'chilankhulo chimene sitinayamwire. Zoona, galamala ikasokonekera mpaka tanthauzo kubisika malikisi amatsika, chifukwa wochonga amachonga zimene zili papepala, sangakupatseni malikisi pa zimene mumafuna kunena. Koma vuto limene ndimaliona kwambiri ndi losiyana ndi limenelo, ndi mawu akuluakulu otoledwa mu dikishonale kuti pepala limveke lophunzira, chiganizo chimodzi mizere isanu ndipo ukamufunsa mwini wake kuti apa umatanthauza chani amakufotokozera bwinobwino m'Chichewa m'mawu khumi. Mawu khumi amenewo ndi amene amayenera kulembedwa. Ndipo mukasankha liwu ngati person khalani nalo mpaka kumapeto, musasinthe kukhala human being kenako individual pofuna kukometsa monga tinkaphunzirira mu Chingerezi cha kusekondale, mu filosofi mukasintha liwu wowerenga amaganiza kuti mwasinthanso tanthauzo, makamaka pa nkhani ya Menkiti imene yagona pa kusiyana kwa mawu omwewo. Masiku ano kwabweranso mapepala olembedwa ndi mapulogalamu a pa intaneti, Chizungu chake chosalala bwino, mbali zonse zatchulidwa, koma nthawi zambiri saima paliponse, ndiye kupatula kuti ndi kubera ndipo ukagwidwa chilango chake n'chachikulu, amagwera m'dzenje lomwe lija la pepala loyamba.

Pali funso limene ana amafunsa ndipo ndi lachilungamo, loti popeza palibe yankho limodzi lolondola ngati pa masamu, kodi sizingotengera mtima wa wochonga? Sindinganame kuti ochonga awiri amapereka nambala yofanana ndendende, wina atha kupereka 62 wina 66, ndipo anthu amatopa, pepala la 80 pa mulu siliwerengedwa ndi maso ofanana ndi loyamba. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri anaika njira zotetezera, pena pepala limakhala ndi nambala m'malo mwa dzina, pena wochonga wachiwiri amaonanso ena mwa mapepalawo, komanso pamabwera katswiri wochokera ku yunivesite ina amene amamutcha external examiner kudzaona ngati kachongedwe kali pa mulingo woyenera. Koma chimene ndaona n'choti ochonga amasiyana pa malikisi atatu kapena anayi, sasiyana kawirikawiri pa funso loti pepala ili lili ndi mfundo yomangidwa kapena ayi, chimenecho chimaoneka poyera ngati nyumba yopanda denga. Ndipo ngati simukumvetsa malikisi anu muli ndi ufulu wopita kwa aphunzitsi mwaulemu, osati kukapempha kuti awonjezere koma kufunsa kuti bambo kapena mayi, ndi pa ndime iti pamene mfundo yanga yathyokera.

Mtsikana uja tinakhala naye pansi ndi pepala lake lija, ndinamupatsa pensulo n'kumuuza kuti adule mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene ndi ganizo lake iyeyo osati la wolemba wina. Anatembenuza masamba onse 9 mwakachetechete, anapeza ziganizo ziwiri, zonse pa tsamba lomaliza, ndipo chimodzi mwa izo chinali funso labwino kwambiri limene analifunsa n'kulisiya osaliyankha, loti ngati umunthu umaperekedwa ndi mudzi nanga mudzi wonse ukagwirizana kuchitira nkhanza munthu mmodzi, monga zimachitikira agogo akanamiziridwa ufiti, wolakwa angamuweruze ndani. Ndinamuuza kuti asayimenti yake inayenera kuyambira pamenepo. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana chiganizocho, kenako anatenga pepala lina loyera n'kuchilemba pamwamba penipeni.